Mafunso ndi mayankho: ndege yankhondo imapeza bwanji setifiketi yoti ikumvana ndi zida zinzake?

Anthu akamakamba za ndege zankhondo amathamangira pa liwiro, mizinga imene imanyamula kapena mtengo wake, koma pali mbali ina imene simveka kawirikawiri chikhalirecho ndi imene imachedwetsa mapulogalamu ndi kudya ndalama zankhaninkhani, ndiyo yotsimikiza kuti ndege yatsopanoyo ikumvana ndi zida zina zonse za asilikali a mbali yake. Ndikamba kwambiri za ku America chifukwa ndi kumene ndondomeko yake inalembedwa poyera, ndipo ndege yankhondo ya F-35 izitulukatuluka ngati chitsanzo.

Kodi setifiketi imeneyi ndi ya chani kwenikweni?

Ndi chikalata chonena kuti ndege iyi, ili ndi sofutiweya ya vesheni yakutiyakuti, yayesedwa ndipo ikutha kutumiza ndi kulandira uthenga kuchokera ku zida zina zimene idzagwire nazo ntchito kunkhondo. Eni ake amati joint interoperability certification. Sikuti angoona kuti wailesi ikulira ayi, amaona ngati uthenga wafika pa nthawi yake, uli wolondola, komanso ngati wolandirayo waumva momwe wotumiza amafunira. Ndege ya Air Force ikaona mdani n'kutumiza malo ake, sitima ya Navy ili panyanja ndi asilikali a Army amene ali pansi ndi mizinga ya Patriot akuyenera kuona chinthu chomwecho, pamalo omwewo, chili ndi chizindikiro chomwecho choti ndi mdani.

Amapereka ndani?

Bungwe lotchedwa Joint Interoperability Test Command, mwachidule JITC, lili ndi malo ake ku Fort Huachuca m'chigawo cha Arizona ndipo lili pansi pa Defense Information Systems Agency. Lamulo limene limawapatsa mphamvu ndi DoD Instruction 8330.01 (DoD ndi unduna wa zachitetezo wa America). Chofunika kudziwa apa n'choti JITC si ya Air Force, si ya Navy, si ya kampani yopanga ndege, ndiye ilibe chifukwa chobisira cholakwika kuti pulogalamu ioneke bwino.

Bwanji osangokhulupirira kampani yopanga ndegeyo, si iwo akatswiri?

Akatswiri ndi akatswiridi, koma kampani imayesa ndege yake molingana ndi momwe mainjiniya ake anamvera buku la malamulo, ndipo kampani ina yopanga rada ya pa sitima inawerenga buku lomwelo n'kumva mwina. Aliyense payekha akhoza mayeso, mukawaphatikiza n'pamene vuto limaoneka. Ndipo vuto limeneli limapha anthu, izi sizongokamba.

Pa 14 April 1994 kumpoto kwa Iraq, ndege ziwiri za F-15C za America zinaombera mahelikoputa awiri a Black Hawk, a America omwewo, anthu 26 onse amene anali m'katimo anafa, ena a ku America, ena a ku Britain, France, Turkey komanso a mtundu wa Kurd. Mahelikoputawo anali atamangirira matanki a mafuta m'mbali ndiye oyendetsa F-15 anawaona ngati Mi-24 za Iraq, koma maso a munthu si amene ankayenera kukhala chitetezo chomaliza. Kachipangizo kodzizindikiritsa ka IFF pa mahelikoputa kankatulutsa nambala ya Mode 1 yosiyana ndi imene ma jeti ankayembekezera m'dera limenelo, mahelikoputa anali pa frequency ina ya wailesi pomwe ma F-15 anali pa ina, ndipo ndege ya AWACS imene inali m'mwamba kuyang'anira dera lonselo inkadziwa kuti mahelikoputa alipo koma uthengawo sunafike kwa woombera. Chida chilichonse chinali cha mbali imodzi, zinangolephera kuuzana.

Mu March 2003 mzinga wa Patriot unagwetsa ndege ya Tornado ya Royal Air Force ya Britain ikubwerera ku Kuwait, anthu awiri anafa, ndipo kafukufuku anapeza kuti IFF ya ndegeyo inali ndi vuto komanso Patriot inaitenga ngati mzinga umene ukubwera kudzaphwanya rada. Pa 2 April chaka chomwecho Patriot inagwetsanso F/A-18C ya Navy. Ine ndikamva wina akunena kuti setifiketi iyi ndi mapepala chabe a m'maofesi zimandipweteka mtima ndithu, chifukwa mayina a anthu amenewa alipo ndipo ali ndi abale.

Ngakhale m'mbuyomo, pa nkhondo ya ku Grenada mu 1983, Army ndi Navy ankavutika kulankhulana pa wailesi, ndipo zimenezo ndi zina mwa zimene zinakankha lamulo la Goldwater-Nichols la 1986 lokakamiza nthambi za asilikali kugwirira ntchito limodzi.

Link 16 imene imangotchulidwa paliponseyi ndi chani?

Ndi netiweki ya pa wailesi imene ndege, sitima ndi malo olamulira a America ndi NATO amagawirana chithunzi cha nkhondo. Imayenda pakati pa 960 ndi 1215 MHz, imadumphadumpha pa ma frequency 51 mwachangu kwambiri kuti mdani avutike kuitseka, ndipo nthawi inagawidwa m'timagawo 128 pa sekondi iliyonse, kagawo kamodzi ndi mamilisekondi 7.8125. Aliyense amapatsidwa timagawo take tolankhulira, nthawi yotsalayo amamvetsera, ngati pabwalo la milandu kwa mfumu pomwe aliyense amadikira apatsidwe mpata ndipo wolankhula pa nthawi ya mnzake amasokoneza bwalo lonse. N'chifukwa chake wotchi ya aliyense pa netiweki ikuyenera kugwirizana ndendende. Imafika pafupifupi ma nautical mile 300 ngati palibe chotchinga pakati, kupitirira apo pamafunika wina wolandira n'kupatsira.

Mauthenga ake amatchedwa J-series, ndipo buku lake ku America ndi MIL-STD-6016, ku NATO ndi STANAG 5516. J2.2 ndi ndege kunena kuti ndine uyu ndili apa, J3.2 ndi lipoti la chinthu chouluka chimene rada yaona, J12.0 ndi kupatsa ndege ntchito. Kabokosi kamene kamachita zonsezi m'ndege zambiri ndi ka banja la MIDS. Bukulo ndi lalikulu zedi ndipo palibe ndege imene imagwiritsa ntchito mauthenga onse, aliyense amasankha ake, nde vuto limayambira pomwepo: iwe ukutumiza uthenga umene mnzako sanaukonzere malo.

Ntchito yopezera setifiketi imayamba liti, ndege ikatha kupangidwa?

Ayi, mukadikira mpaka pamenepo mwachedwa kale. Imayamba ndege isanakhale n'komwe, pamene asilikali akulemba zimene akufuna. M'chikalata cha zofunikazo mumakhala gawo limene kwa zaka zambiri linkadziwika kuti Net-Ready KPP, ndipo limafunsa zinthu zitatu: chidachi chikuthandiza ntchito iti ya nkhondo, chilowa bwanji pa netiweki ndi kuyang'aniridwa, ndipo chizisinthana uthenga uti ndi ndani. Zonsezi zikuyenera kulembedwa ndi manambala oti munthu angayeze, osati kungolemba kuti ndege izilumikizana bwino, zimenezo woyesa sangachite nazo kanthu.

Kenako ofesi ya pulogalamu imalemba Information Support Plan, anthu amangoti ISP, ndi zojambula za DoDAF, ndondomeko ya undunawo yojambulira momwe zida zimalumikizirana. Chimodzi mwa izo, OV-1, ndi chithunzi chokongola chija chimene amaonetsa akuluakulu, ndege m'mwamba mizere ikupita uku ndi uku, koma woyesa amafuna matebulo otopetsa aja osonyeza kuti uthenga uwu ukuchoka kwa uyu kupita kwa uyu, kudzera njira iyi, pasanathe masekondi akuti. Kuchokera m'matebulo amenewo n'momwe mumatuluka mayeso, ndipo mayesowo amalowa m'pulani yaikulu ya mayeso, Test and Evaluation Master Plan. Pulogalamu yaikulu imadutsa zipata zitatu, Milestone A, B ndi C, pomwe B ndi kulowa m'ntchito yopanga ndi kuyesa ndege yeniyeni ndipo C ndi kulowa m'kupanga zambiri. Upangiri wanga ndi woti anthu a JITC aitanidwe pamene matebulo akulembedwa B isanafike, chifukwa kusintha mzere pa pepala n'kotchipa, kusintha sofutiweya ya ndege imene yauluka kale kumafuna kuyesanso zinthu zambirimbiri.

Kuyesako kumaoneka bwanji?

Kumayamba mu labu, ndege isananyamuke. Tiyerekeze chipinda chozizira chodzaza makompyuta enieni a m'ndege atamangidwa pa mashelefu, zingwe mbwee, pakona pali sikirini yofanana ndi ya payiloti. Makina oyesera amatumiza J3.2 yabodza: chinthu chouluka, nambala ya track (yochitsatira nayo pa netiweki) yakuti, kutalika kwakuti, sichikudziwika kuti ndi cha ndani. Injiniya amayang'ana pa sikirini kuona ngati kachizindikiro katuluka pamalo oyenera. Kenako makina amasintha lipoti lija kukhala mnzathu, kodi kachizindikiro kasintha? Kenako wina wachiwiri pa netiweki amanena za chinthu chomwecho ndi nambala ina, kodi kompyuta ya ndege izindikira kuti ndi chimodzi kapena ionetsa ndege ziwiri pomwe kumwamba kuli imodzi? Nanga wina akati ndi mnzathu wina akati ndi mdani, payiloti achenjezedwa? Uthenga uliwonse umajambulidwa ndipo pambuyo pake anthu amakhala pansi kufananiza zimene zinatumizidwa ndi zimene zinalandiridwa, kagawo ndi kagawo, ntchito yotopetsa maso koma n'momwe mumapezeka zinthu ngati kutalika kolembedwa molakwika kapena track imene inayenera kufufutidwa koma ikadali pa sikirini.

Gawo limenelo ndi loona ngati ndege ikutsata buku. Likatha amalumikiza ma labu a malo osiyanasiyana m'dziko, wa Navy, wa Army, wa Air Force, kuti zida zenizeni zikumane pa netiweki imodzi, kenako n'kupita kumwamba ndi ndege zenizeni ndi asilikali enieni osati mainjiniya a kampani. JITC nthawi zambiri sichita ulendo wakewake wa ndege, imatenga data pa mayeso amene akuchitika kale, a developmental (pamene ndege ikupangidwa) ndi a operational (m'manja mwa asilikali ngati kunkhondo), bola anagwirizana kale kuti pajambulidwe chani. Apa n'pamene mapulogalamu ena amalira, ndege yauluka, mafuta apita, anthu abalalika, kenako n'kuzindikira kuti chojambulira mauthenga a Link 16 sichinali m'pulani.

Ndiye setifiketi ndi imodzi yomweyi basi?

Ayi ndithu, iyi imakhala pamwamba pa zinzake zingapo ndipo iliyonse ili ndi mwini wake. IFF imatsimikizidwa ndi ofesi ya DoD AIMS ku Robins Air Force Base ku Georgia, ndipo masiku ano nkhani ndi Mode 5, njira yachinsinsi yodzizindikiritsira, chifukwa Mode 4 yakale anaisiya mu June 2020. Zida zobisa mauthenga zimavomerezedwa ndi National Security Agency. Chilolezo chogwiritsa ntchito ma frequency chimayamba ndi fomu ya DD 1494, ndipo pa Link 16 nkhaniyi ndi yovuta chifukwa ma frequency ake ali m'dera limodzi ndi a zida zolondolera ndege wamba, n'chifukwa chake imalambalala 1030 ndi 1090 MHz. Palinso Authorization to Operate, chilolezo cha mbali ya chitetezo cha makompyuta.

Komanso kumvana si kwa mauthenga okha. Kumwetsa mafuta m'mlengalenga kumatsimikizidwa pa ndege ziwiriziwiri, yomwetsa ndi yomwa. F-35A imamwa kudzera pa chipaipi cholimba cha boom pomwe F-35B ndi F-35C zimalowetsa kamlomo kake m'kadengu kolendewera pa paipi yofewa. Pa ndege yomwetsa ya KC-46 ya Boeing, imene inayamba kuperekedwa mu January 2019, panapezeka kuti boom yake ndi yolimba kwambiri moti ndege ya A-10 inalibe mphamvu zokwanira zoikankhira kuti mafuta ayende bwino, mpaka anachita kuyamba ntchito yoikonzanso.

Ndege ikalephera mayeso chimachitika n'chani?

Si nthawi zonse pamene yankho limakhala inde kapena ayi. JITC itha kupereka setifiketi yathunthu, itha kupereka yokhala ndi ma condition kunena kuti mbali izi zili bwino koma iyi musaidalire, kapena kukana. Ngati asilikali akuifuna ndegeyo mwachangu setifiketi isanatuluke, pulogalamu imapempha Interim Certificate to Operate, ICTO, imene ndi chilolezo chakanthawi chochokera ku ofesi ya Chief Information Officer wa unduna wa zachitetezo. Chilolezo chimenechi chili ndi ntchito yake, nkhondo sidikira mapepala, koma chimene sindigwirizana nacho ndi pulogalamu kumangochipempha mobwerezabwereza m'malo mokonza vuto, chifukwa payiloti amene wakwera ndegeyo amaganiza kuti zonse zinayesedwa.

Ikatuluka ndiye kuti zatha mpaka kalekale?

Ayi. Imagwira zaka zinayi, ndipo mukasintha sofutiweya kapena chida chokhudza kulumikizana iyenera kuonedwanso ngakhale zakazo zisanakwane. Mnzanu wa pa netiweki akasintha zake, inunso zakukhudzani.

Ndinamva kuti F-22 ndi F-35 sizinkatha kulankhulana, zoona? Si kampani imodzi?

Zoona, ndipo zonse ndi za Lockheed Martin. Nkhani yake ili motere: Link 16 imafalitsa mbali zonse, nde ndege yopangidwa kuti isaoneke pa rada ikayamba kutumiza pa Link 16 ikudziulula yokha. F-22 inapatsidwa njira yakeyake yotchedwa IFDL yolankhulana ma F-22 okhaokha, ndipo kwa zaka zambiri pa Link 16 inkangomvera osatumiza. F-35 inabwera pambuyo ndi yakenso, MADL, imene imalunjika uthenga mopapatiza kwa mnzake mmodzi kuti mdani asaumve, kuphatikiza Link 16 yolankhulira ndi ena onse. IFDL ndi MADL sizimvana. Ndege ziwiri zodula kwambiri, zouluka moyandikana, zimadalira mawu a pa wailesi kapena wina wachitatu womasulira.

Omasulirawo amatchedwa gateway. BACN, imene imakwezedwa pa ndege ya E-11A, inagwira ntchito yaikulu ku Afghanistan komwe mapiri amatchinga wailesi, kulumikiza njira zosiyanasiyana. Mu 2021 pa mayeso a Project Hydra anakweza chida chomasulira pa ndege ya U-2 ndipo F-22 ndi ma F-35 anagawana data kudzera mwa iyo. Zinatheka, koma onani kuti pafunika ndege ina yonse m'mwamba kuti ikonze chimene chinasankhidwa pa tebulo zaka zambiri m'mbuyo, pulogalamu iliyonse ikuyang'ana zofuna zake zokha.

F-35 inatenga nthawi yaitali bwanji kuti imalize zonsezi?

Lockheed Martin inapambana kontirakiti pa 26 October 2001, X-35 yake itaposa X-32 ya Boeing. F-35A yoyamba inauluka pa 15 December 2006. Marine Corps inalengeza kuti yayamba kuigwiritsa ntchito mu July 2015, Air Force mu August 2016, Navy mu February 2019. Mayeso aakulu a operational anayamba mu December 2018 koma sanathe msanga chifukwa mbali ina inkafunika Joint Simulation Environment ku Patuxent River ku Maryland, makina oyerekezera nkhondo yodzaza ndege ndi mizinga ya adani imene simungaiyese kumwamba kwenikweni, ndipo makinawo anachedwa mpaka mayeso ake anachitika mu September 2023. Chilolezo chopanga ndege zambiri mokwanira chinatuluka mu March 2024, pamene ndege pafupifupi 1,000 zinali zitaperekedwa kale. Sikuti kuchedwa konseku ndi kwa nkhani ya kulumikizana yokha ayi, koma kukuonetsa chimene chimachitika mukamapanga ndi kuyesa nthawi imodzi: cholakwika chikapezeka mumabwerera kukakonza ndege mazanamazana. Ndipo sofutiweya sinasiye kuvuta, kuyambira July 2023 mpaka July 2024 boma linasiya kulandira ndege zatsopano chifukwa TR-3, makompyuta atsopano a m'ndegemo, inali isanakhazikike.

Nanga maiko ena ogula ndege yomweyo, setifiketi ya America imawakwanira?

Siikwanira yokha. Britain, Italy, Netherlands, Norway, Denmark, Australia ndi Canada analowa m'pulogalamu ya F-35 kuyambira pachiyambi, koma dziko lililonse lili ndi ma rada ake, sitima zake ndi malo ake olamulira, ndiye likuyenera kuyesa ndegeyo ndi zida zakezo. N'chifukwa chake kuli zochitika ngati Bold Quest imene amakonza a Joint Staff a America ndi CWIX ya NATO ku Bydgoszcz m'dziko la Poland, komwe maiko amabweretsa zida zawo kudzazilumikiza n'kuona pamene zikukanirira. Palinso nkhani ya makiyi a chinsinsi, kabokosi mungakhale nako koma popanda kiyi wa tsikulo simulowa pa netiweki, ndipo kupatsana makiyi ndi nkhani ya kukhulupirirana kwa maboma osati ya mainjiniya. Turkey inali m'gulu loyambalo koma inachotsedwa mu July 2019 itagula S-400, chida cha Russia choombera ndege, America ikuopa kuti rada ya chidacho iphunzira zinsinsi za ndegeyo.

Ife a kuno kummwera kwa Africa zikutikhudza pati?

South Africa itagula ndege za Gripen ku Sweden inagwiritsa ntchito njira yakeyake yotchedwa Link-ZA, imene imalumikiza zida zake zokha koma si Link 16. Ndipo asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa atapita limodzi ku DRC mu 2013 mu Force Intervention Brigade ya United Nations, mahelikoputa a Rooivalk a South Africa ankathandiza nawo kuchokera m'mwamba polimbana ndi zigawenga za M23. Msilikali wa dziko lina ali pansi, helikoputa ya dziko lina ili m'mwamba ndi maroketi, mafunso ndi omwe aja: tili pa frequency imodzi, malo tikuwatchula mofanana, woomberayo akudziwa pamene anzake ali? Dziko likamagula ndege kapena mawailesi, funso limeneli liyenera kukhala m'kontirakiti.

Amalipira mayeso onsewa ndani?

Pulogalamu yomweyo. JITC imalipiritsa ntchito yake, ndiye ndalama yoyesera ikuyenera kukhala mu bajeti kuyambira pachiyambi, kuphatikizapo yobwereka zida za ena, chifukwa kuti muyese ndege yanu ndi AWACS, sitima yankhondo ya Aegis ndi gulu la mizinga ya Patriot mukuyenera kupempha eni ake amene alinso ndi kalendala yawo ndipo sangasiye ntchito zawo chifukwa inu mwachedwa. Ndalama zikayamba kuchepa, mzere wa mayeso ndi umene mamanejala amayamba kudula poti ndi umene uli kumapeto kwa ndandanda, ndipo tsiku la AWACS likakuphonyani mumadikira mpata wina pomwe ndege zikutuluka m'fakitale. Ngati muli m'ofesi ya pulogalamu, lembetsani masiku a zida za enawo m'chaka chomwe mukusaina kontirakiti, ndipo muike mzere wina wa ndalama woyeseranso pakatha zaka zinayi.